Injini Yachoka ku Ovaholo Ili ndi Vuto: Kuibweza Komweko, Kupita Kwina, Kapena Kusinthanitsa ku Fakitale?

Injini ya ndege yaing'ono ikamachoka ku ovaholo, komwe imamasulidwa yonse, kukonzedwa ndi kumangidwanso, imaoneka bwino nthawi zonse. Penti watsopano, mawaya a mapulagi oyera, mapepala ali bwinobwino m'envulopu. Kaya ndi Lycoming O-320 ya mu Cessna 172, kaya Continental O-470 ya mu Cessna 182, mwini wake amati nkhawa yatha kwa zaka zambiri. Ndiye pa maola 20 kapena 40 oyamba mukudula fyuluta ya oyilo n'kupezamo tizitsulo tonyezimira. Mwina oyilo akudontha pamene magawo awiri a crankcase, thupi la injiniyo, amakumana, mwina silinda imodzi ikutentha kuposa zinzake. Ndi chikomekome cha mkuyu chija, m'kati muli nyerere. Apa mtima umafuna kuimba foni ndi kukalipa, koma chimene muchite m'masiku oyambawa ndi chimene chidzagamule amene alipire.

Musanasankhe kopita, tsimikizani kuti vutolo ndi la manja a wokonza. Injini yongomangidwa kumene imamwa oyilo wochulukirapo mpaka maring'i atakhazikika m'masilinda, ndipo kampani ya Lycoming, yopanga mainjini a ndege, imalangiza kuiyendetsa pa mphamvu ya 65 mpaka 75 peresenti kwa maola 50 oyamba, kapena mpaka kamwedwe ka oyilo katakhazikika. Amene amainyengerera pa mphamvu yochepa, poganiza kuti akuisamala, amasalalitsa makoma a masilinda, maring'i osagwiranso, ndipo galaja iliyonse imakana mlandu umenewo. Malire a kamwedwe ka oyilo amene Lycoming imalola pa injini ya mahosipawa 180 ndi oyilo wopitirira pang'ono theka la lita pa ola. Palinso zipangizo zimene zimabwera zolakwika kale. Mu 2017 bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, linatulutsa lamulo lokakamiza kukonza la AD 2017-16-11 chifukwa cha mabushi ena a Lycoming a kumutu kwa connecting rod, mkono wolumikiza pisitoni ndi crankshaft (shafti yaikulu yozunguza pulopela), amene ankasuntha m'malo mwake, ndipo magalaja osamala kwambiri anali atawaika m'mainjini a makasitomala awo osadziwa.

Choncho umboni uyambe. Pepala la m'fyuluta lisatayidwe, lisungidwe ndi tizitsulo take. Maginito amakuuzani zambiri msanga: tomamatira kawirikawiri timachokera ku camshaft ndi malifita (zitsulo zotsegula mavalavu), tosamamatira toyera ndi aluminiyamu, tofiirira ngati kopa timaloza ku mabering'i kapena mabushi. Tumizani oyilo ku labotale, makaniko wina wosakhudzidwa ndi nkhaniyi ayeze kompulesheni ndi kuona m'masilinda ndi borescope (kakamera kolowetsa m'kati), ndipo ngati ndege ili ndi chida chojambula kutentha kwa injini, koperani zonse chifukwa ndizo zidzakuikireni kumbuyo akadzati munaiotcha nokha. Zonsezi zimatheka popanda kumasula bawuti ngakhale limodzi la injiniyo. Musalole aliyense kuitsegula okonza oyambawo asanadziwitsidwe mwa kalata.

Werenganinso zimene munagwirizana. M'malamulo a ku America, kumene mainjini ambiriwa amachokera, gawo 43.2 limati injini ndi ya ovaholo ngati yamasulidwa, yatsukidwa, yayenderedwa, yakonzedwa pofunika, yamangidwanso ndi kuyesedwa motsatira buku lovomerezeka. Silinena kuti zonse zikhale zatsopano. Chitsulo chimene chatsala pang'ono kufika pa malire a kutha kwake chikhoza kubwereramo mwalamulo ndithu. Ngati pa pepala la mgwirizano sanalembe kuti agwiritsa ntchito miyeso ya chitsulo chatsopano, mukhoza kukhala ndi injini yokhumudwitsa koma yopanda mlandu. Chimene mungawagwire nacho ndi mndandanda wa zipangizo zimene wopanga injini amati zisinthidwe pa ovaholo, monga Service Bulletin 240 ya Lycoming, pamodzi ndi mapepala a FAA 8130-3 kapena EASA Form 1, otsimikiza kuti zipangizo zimene analipiritsa ndi zovomerezeka.

Njira yoyamba ndi kuibweza kwa omwe anaimanga. Ubwino wake ndi woonekeratu: ndi yokhayo imene mungakonzetse injini osalipiranso ntchito, ndipo waranti zambiri zimafuna kuti iwo akhale oyamba kuona vuto. Galaja yabwino imachita manyazi ndi ntchito yobwerera, imaiika patsogolo, ndipo nthawi zina imapereka zoposa zimene pepala likunena pofuna kuteteza dzina. Koma werengani waranti ija mofatsa. Zambiri zimathera pa miyezi kapena pa maola, chimene chayamba kukwana, zina zimachepa pang'onopang'ono maola akamachuluka, ndipo si zonse zimene zimalipira ntchito yochotsa injini pa ndege, kuitumiza ndi kuibwezeretsa. Ntchito imeneyo payokha ndi ndalama zambiri. Waranti zina zimafa ngati ndege yakhala nthawi yaitali osauluka, poti dzimbiri pa camshaft ya Lycoming, imene imakhala pamwamba pa crankshaft kumene oyilo amatsetsereka msanga, limayamba mosavuta.

Choipa chachikulu cha njirayi n'chakuti woimbidwa mlandu ndi amene akufufuza mlanduwo. Injini ikalowa pakhomo pawo, iwo ndi amene amaimasula, iwo ndi amene amaona choyamba, iwonso ndi amene amalemba chimene apeza. Bawuti limene silinamangidwe mokwanira likangomasulidwa, umboni wake wapita. M'mayiko ambiri wokonza alinso ndi ufulu wosunga katundu wanu mpaka mutalipira, ndiye mukasemphana pa bilu yatsopano injini yanu imakhala chikole. Mankhwala ake alipo, ndipo galaja yoona mtima siwakana: gwirizanani mwa kalata kuti makaniko wanu akhalepo tsiku lomasula, kuti ayeze kulimba kwa mabawuti asanamasulidwe, kuti chilichonse chijambulidwe, ndi kuti zitsulo zochotsedwa zisatayidwe. Akakana zimenezi, mwadziwa kale mtundu wa anthu amene mukuchita nawo.

Njira yachiwiri ndi kupita nayo kwa wokonza wina, makamaka galaja yokhala ndi chilolezo cha boma cha magalaja okonza ndege, chotchedwa Part 145, imene ntchito yake ndi mainjini okhaokha. Mumapeza maso atsopano ndi lipoti lolembedwa ndi munthu amene alibe choteteza, lokhala ndi miyeso ndi zithunzi, limene loya kapena woyendera wa boma angaliwerenge. Mtengo wake ndi wowawa: mulipira kawiri, ndipo mukatero musanawapatse mpata oyambawo, waranti imathera pomwepo, iwo n'kumati anawononga ndi achiwiriwo. Dziwaninso kuti wachiwiriyo naye amadya pa ntchito. Akatsegula injini yomangidwa ndi mnzake safuna kusainira zimene sanachite, choncho amakonda kunena kuti zonse ziyambidwenso. Nthawi zina akunena zoona, nthawi zina akungodziteteza. Mfunseni akuonetseni muyeso uliwonse pambali pa malire a m'buku.

Kusankha pakati pa ziwirizi, kwa ine, kumadalira kumene vuto lili ndi chimene likuulula za wokonzayo. Silinda imodzi yosakhazikika, valavu yodontha, gasiketi yotulutsa oyilo, magneto (yopereka moto ku mapulagi) yotcheredwa molakwika: izi ndi zakunja, zimaoneka, zimakonzeka injini ili pa ndege, ndipo kawirikawiri oyambawo amavomera kutumiza chipangizo kapena kulipira makaniko wa pabwalo lanu. Apa kupita kwina ndi kutaya ndalama pachabe. Za m'mimba mwa injini ndi nkhani ina. Mabawuti aatali amene amadutsa m'crankcase kuchoka mbali ina kufika ina samangogwira masilinda, amafinyanso magawo awiriwo kuti mabering'i a crankshaft asagwedezeke. Akamangidwa ulusi wake uli wouma pamene buku likufuna oyilo, kapena pansi pa silinda patatsala penti, kapena wina atapaka silikoni pamalo pamene buku likuletsa, kufinyako kumatha pang'onopang'ono. Magawo aja amayamba kukhulana, bering'i imasuntha n'kutseka kabowo ka oyilo, ndipo crankshaft ikhoza kuthyoka muli m'mwamba. Mukaona silikoni akutuluka pa mzere wa crankcase, kapena mwapeza chipangizo chakale pamene bilu ikuti chatsopano, kapena buku la injini likunena ntchito imene sinachitike, musaibwezenso kumeneko kuti akaimange. Kulakwitsa kamodzi kumachitikira aliyense wogwira sipanala. Kudumpha buku mwadala ndi khalidwe, ndipo simungadziwe kuti analidumphanso pati. Alembereni kalata, apatseni tsiku loti abwere adzaonerere injini ikumasulidwa kwina, kenako mukambirane za ndalama.

Njira yachitatu ndi kuileka injiniyo, kuipereka ku fakitale ngati yosinthanitsa n'kutenga ina, ku Lycoming ku Williamsport, Pennsylvania, kapena ku Continental ku Mobile, Alabama. Pansi pa gawo 91.421 la malamulo a ku America aja, injini yomangidwanso ndi wopanga wake, kapena ndi amene iye wamuvomereza, imaloledwa kuyamba buku latsopano pa maola ziro, chinthu chimene galaja wamba singakupatseni. Mbiri yoipa ija imachoka pa ndege yanu, ndipo wodzagula mtsogolo sadzafunsa za ovaholo yokayikitsa. Iyi ndi njira yodula kuposa zonse, kudikira kwake kumafika miyezi, ndipo ndalama imene amakuchotserani chifukwa cha injini yakale imadalira kuti crankcase ndi crankshaft zikhale zogwiritsikabe ntchito. Ngati wokonza uja anaziwononga, mudzamva kuwawa kachiwiri. Chinanso chimene ambiri amaiwala atakwiya: injini ikapita ku fakitale, umboni wapita nawo. Amene akufuna kubwezeredwa ndalama ayambe wapeza lipoti.

Ndipo tisaganize kuti fakitale silakwitsa. Mu February 2023 FAA inatulutsa AD 2023-04-08 chifukwa pa mainjini ena a Continental, timaring'i togwira zolemera za pa crankshaft sitinakhazikike bwino pomanga. Kusiyana kwake n'kwakuti fakitale imadziwa manambala a injini iliyonse yokhudzidwa, imalengeza poyera, ndipo siitseka zitseko mawa. Galaja ya munthu mmodzi ikatsekedwa, waranti yake imatsekedwa nayo limodzi.

Zotsalazo ndi boma ndi khoti, ndipo anthu amazisokoneza. Bungwe loyang'anira za ndege, kaya ofesi ya m'dera ya FAA yotchedwa FSDO, kaya linzake la dziko lina, limafufuza ngati malamulo anaphwanyidwa ndipo likhoza kulanda chiphaso cha makaniko, koma silikubwezerani ndalama. Likabwera limawerenganso mabuku anu, poti gawo 91.403 limaika udindo woti ndege ikhale yoyenera kuuluka pa mwini wake. Ngakhale zili choncho, pamene pali chinyengo m'mapepala kapena ntchito yoika moyo pachiswe, kanenani. Mainjini ena ochoka pa benchi lomwelo akuuluka ndi mabanja a anzathu, ndipo eni ake sakudziwa. Chokhacho, musagwiritse ntchito lipotilo ngati choopsezera pokambirana za ndalama. Lipatuleni likhale nkhani yakeyake. Khoti limachedwa, ndipo malipiro a loya ndi a katswiri wochitira umboni akhoza kufanana ndi ndalama imene mukulimbirana. Kalata imodzi ya loya wodziwa za ndege, yokhala ndi lipoti la wokonza wachiwiri kumbuyo kwake, kawirikawiri imachita zambiri kuposa mlandu wathunthu. Inshuwalansi ya ndege musaidalire: nthawi zambiri siilipira kuwonongeka kwa injini kochokera m'kati mwake, imalipira zimene zaphwanyika ndege ikatera mokakamizika.

Pa mfundo imeneyo pali yesero limodzi limene ndikupemphani kuti mulikane. Okonza akati "bwerani nayo tidzaione", ndipo galaja yawo ili ulendo wa ola limodzi lokha pa ndege, mtima umati ndingouluka. Ngati m'fyuluta muli tizidutswa toti mukhoza kutitola ndi zala, kapena mphamvu ya oyilo ikusinthasintha, ndegeyo ikhale pansi. Iwo abwere kumene ili, apo ayi injini ichotsedwe ipite m'bokosi.

Ikadzabwerera, kuchokera kulikonse mwa malo atatuwa, muitenge ngati injini yatsopano imene sinadziwikebe khalidwe lake. Funsani lipoti la kuyesedwa kwake pa benchi ndi mndandanda wa miyeso musanalipire ndalama yomaliza. Maulendo oyamba akhale a masana, nyengo ili bwino, mukuzungulira pamwamba pa bwalo, opanda okwera. Dulani fyuluta msanga, pa maola 10 oyamba, mudzaidulenso pa 25, ndipo nthawi zonse tumizani oyilo ku labotale yomweyo kuti manambala athe kuyerekezeka.