RAM ya ECC mu seva ya Dell PowerEdge T40: kodi ikufunikadi kuno ku Chigwa?

RAM ndi matchipi osunga zomwe kompyuta ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, ndipo ya ECC ndi yomwe imatha kudzikonzera zolakwika. Ogulitsa ma seva akafuna kukukopani kuti muigule amatchula manyutroni, tizidutswa ta m'kati mwa atomu, ndipo sakunama. Nyutroni yothamanga ikagunda phata la atomu ya silikoni mu tchipi, tizidutswa tothetheka pamenepo timasiya mphamvu ya magetsi m'kachipinda kosunga biti imodzi, basi 0 wasanduka 1. Tchipicho sichipsa, koma nambala yomwe chimasunga yasintha. Ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi ku Ulaya, zipangizo za m'ngalande ya LHC, makina aakulu ogundanitsa tizidutswa ta atomu, zinkasokonezeka chonchi mpaka makinawo kumaima, moti zina anazisamutsa, zina n'kuzitchinga ndi chitsulo ndi konkire. Opanga matchipi amakawayesa ku malo owombera manyutroni, monga ku ChipIr ku England kapena ku LANSCE ku Los Alamos, komwe m'maola ochepa tchipi chimalandira manyutroni a zaka zambirimbiri.

Kuno manyutroni athu amabwera ndi cheza chochokera kuthambo. Muyezo wa JEDEC, bungwe loika miyezo ya matchipi, umati ku New York, m'mbali mwa nyanja, amagwa pafupifupi 13 pa sikweya sentimita iliyonse pa ola, ndipo amachuluka munthu akamakwera mtunda. Chigwa chathu ndi chotsika zedi, mamita 37 okha pomwe Shire amatulukira m'Malawi. Pa nkhani imeneyi seva ya ku Bangula ili pabwino kuposa ya ku Dedza.

Komabe tikuti gulani ECC, pa chifukwa china. Kafukufuku wa pa makompyuta a Google wa 2009 anapeza kuti ma RAM oposa 8 pa 100 alionse ankalakwitsa pachaka, ndipo kwakukulu vuto linali matchipi ofooka, osati cheza. ECC siyang'ana komwe cholakwika chachokera. Pa mabiti 64 alionse imaonjezera 8 olondera: imodzi ikatembenuka imaikonza yokha, zikakhala ziwiri imazindikira ndipo makina amaima m'malo molemba zabodza pa disiki. Kwa ofesi yosunga malipiro a alimi a nzimbe kapena kaundula wa odwala, bola seva iime kusiyana n'kusintha nambala mwakachetechete.

T40 ili ndi purosesa ya Xeon E-2224G ndi malo anayi oikamo RAM ya mtundu wa DDR4, mpaka 64 GB. Pogula ndi pomwe ambiri amagwa. Werengani kapepala ka pa RAM: pambuyo pa PC4-2666V pakhale chilembo E. Chikakhala R, imeneyo ndi ya ma seva akuluakulu ndipo T40 siyaka nayo ngakhale ikulowa bwinobwino. Chikakhala U, ndi RAM wamba. Werenganinso matchipi akuda aja: ya ECC imakhala ndi 9 kapena 18, yawamba 8 kapena 16. Osasakaniza mitunduyi, chifukwa makina akapanda kukana kuyaka amangozimitsa ECC osakuuzani. Wina akakuuzani kuti RAM iliyonse ya mtundu watsopano wa DDR5 ili kale ndi ECC, dziwani kuti imeneyo imakonza za m'kati mwa tchipi zokha, osati za panjira yopita ku purosesa.

Chomwe sitinakondwe nacho n'chakuti T40 ilibe iDRAC, kachipangizo ka Dell kolondera momwe seva ikuyendera, choncho RAM ikayamba kudwala palibe chokuchenjezani. Pa Linux ikani pulogalamu ya rasdaemon, ndipo sabata iliyonse muzilemba ras-mc-ctl --error-count kuti muone chiwerengero cha zolakwika. Cholakwika chimodzi chokonzedwa patapita miyezi si nkhani. Zikamabwerabwera pa RAM yomweyo, manyutroni musawanamizire, isintheni. Yatsopano muyambe mwaiyesa ndi pulogalamu ya MemTest86 usiku wonse.

Kutentha ndiye mdani weniweni. Sevayi inapangidwira chipinda chosapyola madigiri 35, pomwe ku Ngabu mu Okutobala ndi Novembala amadutsa 40, nanji m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Ichotseni pansi pomwe fumbi limaunjikana, musiye mpata kumbuyo kuti fani izipuma, ndipo muziipemerera fumbi mwezi ndi mwezi. Magetsi akathima zonse za mu RAM zimapita, ECC kapena ayi, ndiye UPS, batire yosunga magetsi, muigulire limodzi ndi sevayo.