Kupulumutsa 200 kapena kutaya 400

Mu 1981, akatswiri a kaganizidwe ka anthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, anafunsa anthu za mliri wongoyerekeza womwe ukanapha anthu 600. Gulu loyamba linauzidwa kuti njira ina ipulumutsa anthu 200 motsimikizika, pomwe inayo ikhoza kupulumutsa onse kapena osapulumutsa aliyense, ndipo 72 mwa 100 alionse anasankha yotsimikizikayo. Gulu lachiwiri linamva kuti njira yoyambayo isiya anthu 400 atamwalira, ndipo 78 mwa 100 anathamangira yachiwiri, ngakhale kuti masamu sanasinthe. Mawu akuti "kupulumutsa" amatichititsa kugwiritsitsa zotsimikizika, pomwe "kumwalira" amatikankhira ku juga. Chondidetsa nkhawa n'chakuti wodwala akamva kuti opaleshoni imapha 10 mwa 100 akhoza kuikana, chonsecho akanavomera atauzidwa kuti 90 amapulumuka.