Mabuku a Jessica Fletcher kapena a Monk?

Onsewa ndi mabuku a nkhani zofufuza milandu yakupha ndipo anachokera pa TV, koma kakomedwe kake n'kosiyana. M'mabuku a Murder, She Wrote, omwe ambiri analemba ndi Donald Bain, nkhani amasimba yekha Jessica Fletcher wa m'tauni yongopeka ya Cabot Cove, mayi wodekha amene kulikonse komwe wapita mtembo sulephera kupezeka. Ndi owerenga pogona, mtima uli m'malo.

A Monk, omwe Lee Goldberg anayamba kutulutsa mu 2006, amasimba ndi Natalie Teeger, wothandizira wa Adrian Monk. Nthabwala zagona pamenepo: Monk, wapolisi wakale wa ku San Francisco yemwe amaopa majeremusi, akangogwirana chanza ndi munthu, Natalie azithamanga ndi kopukutira m'manja, uku akudandaula chamumtima. Ine ndimatola a Monk, ngakhale papepala nkhope ya Tony Shalhoub, yemwe ankasewera ngati Monk pa TV, ndimaisowa.