Miyezi khumi ndi kabokosi ka Bill Evans ka ku Village Vanguard

Kabokosi kameneka kanafika pakhomo panga mu Disembala, mlamu wanga atabwera kuchokera ku Leeds kudzadya nafe Khirisimasi. Anakatola m'sitolo ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito, tinene kuti pa kaunjika wa kumeneko, ndipo mtengo wake anakana kundiuza. Muli ma CD atatu ndi kabuku, pachikuto analemba kuti The Complete Village Vanguard Recordings, 1961. Sabata yoyamba ija ndinalankhula mopupuluma. Ndinauza anzanga amene timabwerekana zimbale za jazi kuti aliyense wopeza kabokosika angathe kugawa zimbale ziwiri zakale za Bill Evans, Sunday at the Village Vanguard ndi Waltz for Debby, chifukwa zonse zili momwemu ndi zina zapamwamba. Lero tili mu Okutobala, miyezi khumi yatha, ndipo theka la mawu amenewo ndikulibweza.

Kwa amene nkhaniyi simukuidziwa, inayenda chonchi. Lamulungu pa 25 Juni 1961, Bill Evans pa piyano, Scott LaFaro pa besi ndi Paul Motian pa ng'oma anali pa tsiku lomaliza la masabata awiri oimba ku Village Vanguard, kalabu ya m'chipinda chapansi pa msewu wa Seventh Avenue South ku New York, imene Max Gordon anaitsegula mu 1935. Orrin Keepnews wa kampani ya Riverside anabwera kudzajambula, ndipo woyendetsa makina anali Dave Jones. Anaimba maulendo asanu, awiri masana, atatu usiku. Patangotha masiku 11, pa 6 Julayi, LaFaro anamwalira pa ngozi ya galimoto kufupi ndi tauni ya Geneva m'chigawo cha New York, komwe anakulira. Anali ndi zaka 25. Pa matepi a tsiku limenelo panatuluka zimbale ziwiri zija, chilichonse cha nyimbo zisanu ndi imodzi. Kabokosika, kamene ku America kanatuluka mu 2005, kamaika zonse m'ndondomeko imene zinaimbidwira, kuyambira moni wa masana mpaka usiku anthu atabalalika. Zonse pamodzi ndi maola awiri ndi theka.

Nyimbo yoyamba penipeni ndi Gloria's Step, ndipo isanapite patali mawu amaduka. Zii. Tsiku loyamba ndinadzambatuka pampando n'kuyang'ana babu, chifukwa munthu wa kuno phokoso likangoduka mwadzidzidzi maso amathamangira kudenga. Babu linkayaka bwinobwino. Magetsi amene anathima ndi a ku New York, zaka zoposa 60 zapitazo, ndipo tepi inaima kwa kanthawi oimba akupitiriza. N'chifukwa chake kaimbidwe koyamba kameneka kanakhala m'nkhokwe zaka zambiri osatulutsidwa. Miyezi yoyamba kampata aka kankandinyansa, ndinkangodumphira pa nyimbo yachiwiri. Pano sindidumphanso. Mwana wanga wamng'ono amakadikirira dala, mawu akaduka amakuwa kuti "apita!", akabwerera amawomba m'manja monga amachitira ana a pamzere pathu magetsi akayaka.

Chimene kabokosika kandipatsa, chomwe zimbale zakale sizikanatha, ndi nthawi ya tsiku. Zaka zonsezi My Foolish Heart ndinkaitenga ngati nyimbo ya pakati pa usiku, chifukwa ndi imene imatsegula Waltz for Debby, pang'onopang'ono, maburashi a Motian akusesa ngati tsache pabwalo. Chonsecho inaimbidwa masana, yachitatu chiyambireni ntchito, kunja dzuwa likuswa mtengo. Ikatha, owomba m'manja ndi ochepa moti mutha kuwawerenga. Ukamatsika ndi tsikulo kupita ku CD yachiwiri, chipinda chimadzaza. Matambula amagundana, anthu amacheza zawo, wina amaseka pamalo posayenera kuseka. Pa Porgy, nyimbo imene inasiyidwa pa zimbale zonse ziwiri zoyamba, Evans amaimba motsitsa kwambiri ngati akunong'oneza piyano, koma kumbuyoko macheza ali mkati. Poyamba ndinkapsa nawo mtima anthuwa. Kulipira pakhomo, kukhala pafupi ndi oimba oterewa, n'kumakamba zako! Koma m'kupita kwa miyezi mkwiyo unatha. Anthu aja sankadziwa kuti ali pa tsiku limene dziko lidzalikumbukire. Iwo anangotuluka Lamulungu kukamwa kenakake pomwe pali nyimbo, ndipo atatu aja anali pa ganyu yawo.

Za LaFaro ndinene mosabisa kuti miyezi iwiri yoyamba sindinkamumva bwino, ndipo vuto linali langa. Masipika anga ndinawaunjika pamodzi pamwamba pa kabati, pafupi ndi TV. Pa zojambula izi piyano ili mbali ina, besi mbali inzake, choncho ukawaphatikiza masipika anthu awiriwa amapondana. Nditawasiyanitsa, wina kuno wina uko, mpando pakati, ndi pamene ndinazindikira chifukwa chake oimba besi mpaka lero amamutchula mnyamatayu. Nthawi imeneyo ntchito ya besi m'magulu ambiri inali kuponda kanayi pa muyeso uliwonse, osatopa, kuti ena avinirepo. LaFaro sakhutira ndi zimenezo. Amayankha piyano, amaidula pakamwa, nthawi zina amakwera pamwamba penipeni pa chida chake n'kumathamanga ngati wanyamula gitala. Mvetserani Solar, kumapeto kwa CD yoyamba. Kwa mphindi zingapo simungaloze kuti wotsogolera ndi uyu, wotsatira ndi uyu. Ndi mahedifoni mumamva ngakhale kulira kwa nsambo zikamamenya thabwa la besiyo.

Motian ndiye ndinachedwa naye kwambiri. Mpaka m'nyengo yozizira, mu Juni ndi Julayi, pamene ndinkamvetsera usiku ndi mahedifoni nditafunda bulangete, ndi pomwe khutu langa linamupeza. Anzake awiri akamakokana, wina kuthamangira kutsogolo wina kutsalira dala, iye ndi amene amagwira nyumba kuti isagwe, koma mosadzionetsera. Pa My Romance amayamba ndi maburashi, kenako amatenga timitengo, ndipo nyimbo imasintha nkhope popanda wina kukweza mawu. Ndikanalemba za kabokosika mu Januwale basi, dzina lake ndikanangolitchula podutsa.

Tsopano dandaulo. Nyimbo zosiyana m'kabokosi konseka zilipo 13 zokha, koma zinaimbidwa maulendo 22. All of You katatu, Gloria's Step katatu, Alice in Wonderland kawiri, Waltz for Debby kawiri, Detour Ahead kawiri, My Romance kawiri, Jade Visions kawiri. Chifukwa chake n'chomveka: podziwa kuti akujambula, ankabwereza kuti pamapeto pakhale posankha. Kwa munthu wophunzira kuimba, kapena wofuna kuona momwe nyimbo imodzi imasinthira pakati pa masana ndi usiku, apa ndi pamunda. Koma kwa munthu wobwera kuntchito atatopa, All of You wachitatu amalemera. Tsiku lina madzulo mayi a kunyumba anasuzumira pabalaza ali ndi mthiko m'manja n'kufunsa kuti, "Bambo a Tadala, kodi wailesi yanuyi yawonongeka? Nyimbo yomweyi sinalire kale ndikusenda anyezi?" Ndinayamba kuwafotokozera kuti ulendo uno besi yalowa mosiyana, koma ndisanamalize anali atabwerera kukhitchini. Ndipo kunena zoona, pa maulendo atatuwo amene ndimabwererako ndi wachiwiri, yemweyo amene anasankhidwa mu 1961. Anthu aja posankha sankalota.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa mu Disembala. Ndinkaganiza kuti chimbale ndi mulu wa nyimbo chabe, ukapeza mulu waukulu waung'ono watha ntchito. Ayi. Sunday at the Village Vanguard inasanjidwa LaFaro atamwalira kale, ndipo anasankha dala nyimbo zimene besi yake imamveka kwambiri. Imayamba ndi Gloria's Step n'kutha ndi Jade Visions, zonse ziwiri zopeka iye. Chimbale chimenecho ndi chiliza, chomangidwa ndi anthu olira. Evans yemwe anakhala miyezi ingapo osaimba pagulu, mpaka anadzapitiriza ndi Chuck Israels pa besi. M'kabokosi nyimbo zisanu ndi imodzi zomwezo zamwazikana pa ma CD atatu, ina masana ina usiku, ndipo chisoni chimene chinazimanga pamodzi sichioneka. Waltz for Debby nayo ili ndi kayendedwe kake, kofatsa, kokwana mphindi zosafika 40, koyenera munthu amene mawa alawirira kuntchito.

Ine Waltz for Debby yanga ndinali nditaipereka kale kwa mnzanga mu Januwale, modzitama. Mu Meyi ndinapita kukaipempha, manyazi ali tho. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, kenako anati, "Achimwene, paja munati izi zatha ntchito?" Anandibwezera, koma anandisunga ola lathunthu akundiseka. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, koma ine ndinaika pamalo povuta kutengapo.

Matenda a ife osonkhanitsa zimbale ndi mawu akuti "complete", kutanthauza kuti zonse zilimo, pachikuto. Tikangowaona, mtima umagunda. Pa shelefu yanga pali kabokosi kena kojambulidwa m'chipinda chomwechi, ka John Coltrane, woimba sakisofoni, ma CD anayi a mu Novembala 1961 amene kampani ya Impulse! inatulutsa mu 1997, woimba mnzake Eric Dolphy ali momwemo. Kumeneko nyimbo ya India ilimo kanayi. N'zodabwitsa kuti makoma omwewo, miyezi yosakwana isanu pambuyo pa Evans, anamva chimkuntho chotero. Koma kabokosi ka Coltrane m'chaka chino ndakamvetsera konse kamodzi kokha, chifukwa ndi ka mausiku anayi osiyana ndipo kamafuna mphamvu. Ka Evans kali ndi mwayi woti ndi ka tsiku limodzi, kali ndi poyambira ndi pothera, ndipo kamakwana pakati pa nsima ya masana ndi kulowa kwa dzuwa.

Za kulimba kwake palibe zambiri. Dzinja linadutsa osachita nkhungu chifukwa ndimakasunga m'kabati, kutali ndi khoma limene limanyowa. Fumbi la miyezi ino ndiye mdani, ndimapukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira. CD yachiwiri ili ndi kachipsera kamene ndinakapanga ndekha poisiya pa tebulo chafufumimba, koma sidumpha. Mu Malichi ndinakopera zonse pa kompyuta n'kuika pa foni. Zinathandiza paulendo wa pa basi, koma pali msampha: foni ikangosakaniza nyimbo mwachisawawa, phindu lonse la kabokosika latha, chifukwa chimene munagula ndi ndondomekoyo. Pa intaneti nyimbozi zimapezeka, kwa amene bandulo siimuvuta, ndipo ndingalangize kuti muyambe mwamvetsera kumeneko musanatume wachibale kukasaka. Kabuku kake ndinawerenga kawiri, n'kukabwezera m'malo mwake.

Ndiye mukandifunsa lero, yankho langa ndi lakuti amene sanamvepo Bill Evans ayambe ndi Waltz for Debby, akhale nayo chaka, kenako Sunday at the Village Vanguard. Kabokosi n'ka munthu amene zimbale ziwirizo amazidziwa mpaka pomwe tambula imagwera. M'kati mwa sabata ine ndimaika zakalezo. Kabokosi ndimakatulutsa Lamulungu, mwina kawiri pamwezi, tikabwera kutchalitchi ndipo tadya, n'kukasiya kuti kayende kokha kuyambira pa moni.

CD yachitatu ndi ya ulendo womaliza wa usiku. Kumapeto kwake, anthu atachepa, amaimba Jade Visions kawiri motsatizana. Ndi nyimbo yaifupi, yoyenda pa muyeso wa 9/8, besi ikubwereza kachigawo kamodzi ngati munthu woyenda mumdima akupapasa khoma. Ndi nyimbo yomaliza imene atatuwa anajambula limodzi. Miyezi yoyamba ikangotha ndinkathimitsa makina msanga, kuti ndikhale chete ndi chisonicho, monga momwe chimbale cha 1961 chinandizoloweretsera. Koma pambuyo pake pali kachidutswa kena kakafupi kamene anakatcha A Few Final Bars. Evans amaseweretsa piyano mwanthabwala, mothamanga, ndipo otsala m'chipindamo amaseka. Ndi anthu oweruka kuntchito, otopa, oganiza zolongedza zida n'kukwera masitepe kutuluka mumsewu. Kuyambira mu Ogasiti ndimaisiya CD kuti ifike pamenepo, mpaka kuseka kuthe ndipo makina aime okha.