Mukafika ku Seoul: khadi, mapu ndi timbale ta patebulo

Abale amene mukukonza ulendo wobwera ku Seoul, likulu la South Korea, musanatuluke pabwalo la ndege la Incheon gulani khadi ya T-money m'timashopu ta CU, GS25 kapena 7-Eleven. Ndiyo yolipirira basi ndi sitima yapansi panthaka. Makina ambiri oikira ndalama m'khadiyi amafuna ndalama zapamanja, choncho sinthiranitu ma won (ndalama za kuno) pang'ono. Khadiyo mumaigunda pakamakina ka pakhomo pokwera basi, ndipo potsika muigundenso. Mukatero, kukwera basi ina kapena sitima pasanathe mphindi 30 kumawerengedwa ngati ulendo umodzi, mukaiwala, mulipiranso. Pafoni ikani Naver Map kapena KakaoMap, chifukwa Google Maps kuno imakusocheretsani mukamayenda pansi. Mapulagi athu a mano atatu salowa, akuno ndi a mano awiri obulungira.

Nyumba yachifumu ya Gyeongbokgung, yomangidwa mu 1395, khomo lake ndi 3,000 won, koma wovala hanbok, chovala chachikhalidwe cha ku Korea chimene amabwereketsa m'mashopu apafupi, amalowa ulere. Lachiwiri amatseka, ndipo ambiri amabwerera pageti. Asilikali olondera amasinthana 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana. Ku Bukchon, dera la nyumba zakale chapafupi pomwepo, m'nyumbazo mukukhala anthu, ndiye phokoso ayi.

Nkhani yaikulu ili pa chakudya. Mukakhala pansi m'lesitilanti, akubweretserani timbale tambirimbiri tandiwo musanaitanitse kanthu. Musadzidzimuke, ndi banchan, salipiritsa, ndipo zikatha mutha kupempha zina. Mwa izo mupezamo kansomba kouma konga usipa, myeolchi, kungoti amakakazinga ndi zotsekemera. Masupuni ndi timitengo todyera nthawi zambiri zimakhala m'kadilowa m'mbali mwa tebulo, madzi mumakatunga nokha, ndipo kupereka yapamwamba kwa woperekera zakudya kulibe. Chofiira chilichonse chikayikireni: kimchi (kabichi wosasitsa) ndi tteokbokki (timikate ta mpunga mu msuzi) zimawawa tsabola. Wofuna zosawawa aitanitse samgyetang, kankhuku kathunthu kophikidwa ndi mpunga m'mimba mwake. Kumalo owotchera nyama patebulo kawirikawiri sagulitsa gawo la munthu mmodzi, amayambira pa awiri. Nkhumba imabisala m'misuzi yambiri, choncho abale achisilamu ulendo wawo ndi wa ku Itaewon, kufupi ndi mzikiti waukulu, kumene kuli malo a halal. Pa msika wa Gwangjang lawani bindaetteok, chitumbuwa chachikulu cha mphodza zopera, chikadali chamoto.

Zogula, Namdaemun ndi msika wa chilichonse, Myeongdong ndi ya zodzola, Dongdaemun ndi ya zovala mpaka usiku. Samalani ndi zovala zolembedwa "free size": kwa ambiri a ife ndi zothina, ndipo m'timashopu totchipa salola kuyesa. Nsapato amayeza mu mamilimita, monga 260 kapena 270. Mphatso zing'onozing'ono za kumudzi kagulani m'mashopu a Daiso, kumene mitengo imayambira pa 500 kulekezera 5,000 won. Pasipoti muziyenda nayo: m'mashopu olembedwa "Tax Free" mlendo amachotseredwa msonkho akagula zofika 15,000 won.

Mabini a zinyalala mumsewu ndi osowa, nyamulani kajumbo. Obwera mu Januwale, juzi ya ku Dedza siikwana, kuno kuzizira kumatsika pansi pa 0°C. Zikakuvutani imbani 1330, nambala yothandizira alendo, amayankha m'Chingerezi.