Resitihausi ya kuseri kwa msika pa Nchalo

Ndinatsika pa Thabwa ndi minibasi mu Okutobala, ndipo titangowoloka mlatho wa Kamuzu pa Chikwawa thukuta linayamba kuyenderera. Nyengo imeneyi kuno masana kumatentha mpaka madigiri 40, choncho posankha pogona funsani kaye za fani ndi neti.

Kumene ndinagona zonsezi zinalipo. Chimene chinandigwira mtima ndi khonde lake, pansi pa mtengo wa nimu. Mayi oyang'anira malowo amaikapo mtsuko wokutidwa ndi chiguduli chonyowa, ndipo madzi ake amazizira bwino ngakhale dzuwa lili paliwombo. A pampopi ndi amchere pang'ono, sopo sachita thovu. Usiku wachiwiri magetsi anathima, fani n'kuima, tulo osabwera mpaka tambala woyamba.

Mayiwo ndiwo anandipezera galimoto yopita ku Lengwe, nandilangiza kuti ndinyamuke m'bandakucha. Tinadutsa m'minda ya nzimbe ya Illovo, ndipo padziwe ndinaona nyala ndi njiri zikumwa madzi pafupi penipeni. Pobwerera ndinapeza andisungira nsima ya makakana owotcha, yovundikira bwino. Ndidzagonanso pomwepo, koma mu Juni kukazizira.