GIMP, Krita kapena tingolipira Photoshop basi?

Anzanga amene mwangoyamba zokonza zithunzi pa kompyuta, funso lomwe limabwerabwera ndi loti ndiyike GIMP kapena Krita poti zonse nzaulere, ndipo anthu amangoyankhana kuti aaa zonsezo ndi Photoshop yaulere, tenga yomwe yakusangalatsa. Ine apa ndikukana. Mapulogalamu awiriwa anakulira ntchito zosiyana, ndipo mukaona komwe achokera mumvetsa chifukwa chake wina akafuna kujambula katuni mu GIMP amangodandaula, winanso akatsegula Krita kuti achotse ziphuphu pa nkhope ya mkwatibwi amadandaula chimodzimodzi.

Photoshop kaye mwachidule, poti ndi yomwe zinazi timaziyerekezera nayo. Anaiyamba ndi Thomas Knoll mu 1987 ali pa sukulu ku yunivesite ya Michigan, mothandizana ndi m'bale wake John Knoll yemwe ankagwira ntchito ku Industrial Light & Magic, kampani ya zamafilimu ija. Adobe inatulutsa Photoshop 1.0 mu 1990, ya pa Macintosh yokha, ndipo ma layer, zigawo za chithunzi zosanjikizana zomwe mumasintha chilichonse pachokha, omwe lero sitingagwire ntchito popanda iwo anabwera mu 1994. Pa zokonza zithunzi tisanamizane, ndi akatundu. Content-Aware Fill ya mu 2010 ija imafufuta munthu wosafunika pa chithunzi ngati sanaimepo nkomwe, nde mu 2023 anaonjezeranso Generative Fill yoti mumangolemba mawu iyo nkudzaza yokha. Vuto ndi ndalama. Kuyambira 2013 Adobe inasiya zoti ugule kamodzi nkuiwala, Photoshop CS6 ndiye inali yomaliza yotero, pano ndi kulipira mwezi ndi mwezi, ndalama zakunja, ndi khadi ya ku banki yoti idutse pa intaneti, ndipo nkhani ya forex ku Malawi kuno sindikufunika kukufotokozerani. Za ma crack zija sindikulimbikitsa, kambirimbiri zimabwera ndi ma virus, mudzalira nazo.

GIMP inabadwa mu 1995 ku University of California, Berkeley, anyamata awiri apasukulu, Spencer Kimball ndi Peter Mattis. Yoyamba kufika kwa anthu inatuluka mu 1996, ndipo chaka chomwecho Larry Ewing anaigwiritsa ntchito pojambula Tux, ka penguin ka Linux kaja. Chinanso, GTK, chida chopangira mawindo ndi mabatani a mapulogalamu, yomwe mapulogalamu ambirimbiri a Linux amangidwapo anaipangira GIMP yomweyi poyamba. Koma kayendedwe kake, eeh, nkwa bilimankhwe. 1.0 mu 1998, 2.0 mu 2004, kenako anthu anakhala akulimbana ndi timawindo tambirimbiri tomwazika pa sikirini mpaka 2012 pomwe 2.8 inabweretsa zoti zonse zikhale mu windo imodzi, 2.10 mu 2018 ndi yomwe inayamba kugwira bwino zithunzi za 16-bit ndi 32-bit, zosunga mitundu mwatsatanetsatane kwambiri, ndipo 3.0 inafika mu March 2025. Ndi 3.0 imeneyi pomwe mukutha kuika filter nkudzaisinthanso kapena kuichotsa pambuyo pake osaononga chithunzi, komanso kusankha ma layer angapo nthawi imodzi, zinthu zoti a Photoshop anazizolowera kalekale. Sindikuwanyoza ayi, ambiri opanga GIMP ndi anthu ongodzipereka pa nthawi yawo yopuma.

Koma pa chithunzi chojambulidwa ndi kamera, GIMP ndi yanu. Kudula munthu kumuchotsa pa background ndi Paths kapena Foreground Select, kusalaza khungu ndi Heal ndi Clone, kukonza kuwala ndi Levels ndi Curves, ma layer mask, kuchepetsa chithunzi kuti chisadye bandulo potumiza, zonsezi zilimo ndipo zimagwira bwinobwino. Pali misampha iwiri yokha yomwe imagwira aliyense watsopano. Mukadina Save imangosunga mu XCF, fayilo yakeyake, nde ngati mukufuna JPG kapena PNG pitani pa Export As. Winanso, mafayilo a RAW, zithunzi zosakonzedwa zochokera mu kamera, siitsegula payokha, imafuna pulogalamu ya darktable kapena RawTherapee pambali.

Krita nkhani yake ndi yomwe imandisangalatsa kwambiri. Inachokera ku gulu la KDE, lopanga mapulogalamu aulere a Linux, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo cholinga poyamba chinali chomwecho, kupanga yawoyawo yofanana ndi GIMP ndi Photoshop. Inkatchedwa KImageShop, kenako Krayon, mu 2002 nkukhala Krita, mayina enawo anali ndi eni ake mwalamulo. Inatuluka koyamba mu 2005 ili mkati mwa KOffice, mapulogalamu a mu ofesi a KDE. Nde cha mu 2010 opanga ake anakhala pansi nkugwirizana kuti zothamangitsana ndi Photoshop pa chilichonse tizisiye, ife tipange pulogalamu ya anthu ojambula ndi manja basi, a makatuni, a ma comic, a zithunzi za m'mabuku ndi m'magemu. Chisankho chimenechi ndi chomwe chinaipulumutsa, ine ndimaona choncho. Anakhazikitsa Krita Foundation ku Netherlands, anasonkhetsa ndalama pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti lotolera zopereka, mu 2014, 2015 ndi 2016 nkumalipira anthu ena kuti azigwira ntchitoyi tsiku lonse, ndipo zipatso zinaoneka msanga, 3.0 mu 2016 inabwera ndi animation, 4.0 mu 2018, 5.0 mu December 2021. Mukaiona ikugulitsidwa pa Steam kapena Microsoft Store musadabwe, ndi yomweyo yaulere ija, kungoti ndalamazo zimathandiza opanga.

Mukagwira burashi mu Krita ndi pomwe mumamva kusiyana. Ilipo ya pensulo, ya inki, ya utoto wamadzi, ina yosakaniza mitundu pa chinsalu ngati utoto weniweni, ndipo pali stabilizer yoongola mzere dzanja likamanjenjemera. Mukadina kumanja kwa mouse kamatuluka kabwalo ka maburashi anu ndi mitundu pomwepo, chinsalu mumachitembenuza mmene mungatembenuzire pepala pa tebulo, ndipo wrap-around mode ndi yabwino zedi kwa opanga maluwa obwerezabwereza ngati a pa chitenje. GIMP nayo ili ndi maburashi, inaonjezeranso a MyPaint mu 2.10, koma mukajambulamo ola limodzi mumangodziwa kuti si kwawo kuno. Kungoti ukoma wonsewu umafuna tabuleti yojambulira yokhala ndi cholembera, kaya Wacom, Huion kapena XP-Pen. Ndi mouse yokha mudzangoti anthu amaitamandiranji Krita imeneyi.

Pali malo ena pomwe zinthu zimatembenuka. Amene mumapanga maposita, makadi a ukwati ndi mapologalamu a zinkhoswe, opulinta akuluakulu ena amafuna CMYK, mitundu ya inki yopulintira, ndipo apa Krita, ya ojambula ija, ndi yomwe imalola kugwira ntchito mu CMYK mwachindunji, pomwe GIMP mumagwirabe mu RGB, mitundu ya pa sikirini, nkudzasintha potulutsa. Ma filter osaononga chithunzi Krita inali nawonso kale GIMP isanafike pa 3.0. Koma pa zolemba, kwa zaka zambiri text tool ya Krita yakhala yotopetsa, GIMP ndi yabwinoko, ngakhale poster ya mawu ambiri ine ndingati ipangireni mu Inkscape kapena Scribus, nazonso nzaulere.

Zonse ziwiri zimayenda pa Windows, macOS ndi Linux, pomwe Photoshop pa Linux kulibe. Krita ili ndi ya Android kuyambira 2020 koma anaipangira matabuleti, pa foni yaing'ono mabatani amathinana, GIMP ya pa foni yochokera kwa eni ake kulibe. Laputopu yakale ya RAM yochepa imapirira GIMP, koma Krita mukaipatsa chinsalu chachikulu ndi burashi yaikulu imayamba kutsalira m'mbuyo mwa dzanja lanu.

Nanga kasitomala akakutumizirani PSD, fayilo ya Photoshop? Zonse ziwiri zimatsegula, koma musayembekezere kuti ma smart object ndi zokongoletsa zina za pa ma layer zibwera zili bwinobwino, pena mawu amasanduka chithunzi osathekanso kusintha. Zikatero tsegulani Photopea mu browser, ya Ivan Kutskir ija yomwe inayamba mu 2013, imawerenga PSD bwino kuposa ziwirizi, bola mupirire zotsatsa malonda za m'mbalimo.